Mabuku Obiriwira a Alamu Anga a Clifford

Mukalowa m'nyumba ya alamu anga a Clifford Helliwell, fungo ndi limene linkayamba kukulonjerani, eniake n'kumabwera pambuyo. Linali fungo la mapepala amene agona m'chinyontho zaka zoposa zana. Ine ndinkati ndikangoponda pakhomo mphuno n'kuyamba kuyabwa, ndipo sindinkabisa.

"Achemwali, tsegulaniko zenera. Muno mukununkha ngati kuseri kwa guwa."

Achemwali anga a Muriel ankangoseka. "Iwe Beryl, khala pansi umwe tiyi. Pakamwa pakopo sipatopa?"

A Clifford anagwira ntchito yogawa makalata kuno ku Holmroyd moyo wawo wonse, kukwera ndi kutsika zitunda zathuzi mvula ili pamsana. Anali munthu wamtali, wowonda, wa makutu akuluakulu amene ankafiira kukazizira. Mowa ayi, fodya ayi, mpira ayi. Ukawafunsa kanthu ankayamba ayang'ana kaye nsapato zawo. Mayi athu atawaona koyamba anafunsa kuti, "Muriel, munthuyu amalankhula koma?" Achemwali anawakonda choncho, ndipo kunena chilungamo, sindinamvepo alamu akuwakwezera mawu ngakhale tsiku limodzi.

Nthenda yawo inali imodzi, mabuku. Osati mabuku wamba ayi. Ankatolera magazini akale a mabanja achikhristu, a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, aja ankatuluka mwezi ndi mwezi kuti anthu aziwerenga Lamulungu, tsiku limene mwana sankaloledwa kusewera ngakhale kuimba likhweru. Chaka chikatha ankawasokera pamodzi n'kukhala chibuku cholemera ngati njerwa, chikuto chake cha nsalu, pamsana maluwa agolide. Amene alamu ankawakonda kwambiri ankatchedwa Nyali ya Pabanja. M'katimo munali maulaliki, zithunzi za zombo za amishoni, malangizo a kachotsedwe ka mafuta pa malaya, ndi nthano zopitirira mwezi ndi mwezi. Ine ndinayesako kuwerenga. Abale inu, ana amafa m'menemo ngati nkhuku za chitopa! Mwana akangokhala waulemu pa tsamba loyamba, dziwani kuti pomafika kumapeto ali gone pabedi, akutsanzika makolo ake vesi lili pakamwa.

Zinayamba chaka chimene anatseka tchalitchi cha Beteli, chija cha pamwamba pa phiri. Mafakitale a nsalu anali atayamba kugwa, anthu akusamuka, ndipo matchalitchi nawo ankatsekedwa motsatizana. Beteli anamugula munthu wina wogulitsa makapeti. Alamu akudutsa ndi chikwama chawo cha makalata, anapeza amuna a ganyu akukhuthulira za m'kabati ya Sande sukulu m'chimgolo cha zinyalala, mvula ikugwera pomwepo. Anatola buku limodzi n'kulitsegula. Kuseri kwa chikuto kunali kapepala komata, kolembedwa ndi inki yofiirira, konena kuti bukulo ndi mphoto ya Ada Barraclough chifukwa chosajomba ku Sande sukulu, chaka cha 1863. Tsiku limenelo makalata anafika mochedwa m'tauni monse, chifukwa wogawa wake anayamba watuta mabuku.

Kuyambira pamenepo, basi, zinalowa m'magazi. Wogawa makalata amadziwa nyumba imene mwagwa maliro, amadziwanso tsiku limene ana a malemu abwera kuchokera ku Leeds kapena ku London kudzakhuthula nyumba kuti aigulitse. Alamu ankaima pageti chipewa chili m'manja. "Pepani, ngati muli mabuku akale a tchalitchi amene simukuwafuna..." Anthu ankawapatsa mosangalala, poti anali kuwachepetsera katundu wokataya. Mashelefu anadzaza pabalaza, anakwera masitepe, analowa kuchipinda. Mabuku ena ankagona pansi pa bedi.

Mulungu sanawapatse mwana. Nkhani imeneyi kwathu sitinkaikamba. Koma pafupifupi buku lililonse linali ndi kapepala kaja ka mphoto, ndipo achemwali anayamba kuwatchula mabukuwo ndi maina a eniake.

"A Clifford, Ada wathyoka msana, mubwere naye kuno."

"Jabez mwamuikanso pafupi ndi zenera? Achita chuku ameneyo."

Nditamva koyamba sindinapirire. Ndinati, "Achemwali, ana amenewa anafa kalekale. Ena anafa ali nkhalamba zopanda mano."

"Ndikudziwa," anatero akulowetsa ulusi pa singano. "Koma adzukulu awo anawataya pamvula. Ndiye asowe pogona?"

Pa singano achemwali anali katswiri. Ku fakitale ya nsalu zaubweya ya kumtsinje, ntchito yawo inali yokhala pazenera nsalu ili pamiyendo, kumaisisita ndi zala kufunafuna pamene ulusi waduka, n'kulukanso mwakuti wogula asadziwe kuti panali vuto. Ndiye msana wa buku sunali kanthu kwa iwo. Alamu ankabweretsa, achemwali n'kumachiza. Chimene chinkandinyansa ine chinali katsukidwe kawo. Madzi sankawafuna, ati amasiya mawanga. Nkhalamba ina yosoka mabuku ku Halifax inawauza kuti palibe chochotsa litsiro lakale pa nsalu ya buku kuposa malovu a munthu. Ndiye ankatenga kathonje, kukakhudzitsa palilime, kupukuta chikuto pang'onopang'ono, n'kubwezanso kathonje komweko palilime.

"Achemwali, zauve zimenezo!"

"Iwe sunanyambitepo kansalu kupukutira mwana wako kumaso? Usandisokoneze."

Amene ankawasamala koposa anali obiriwira, a zaka zoyambirira za Nyali ya Pabanja. Akawatsuka ankawala ngati msipu wa mvula yoyamba. Koma utoto wake unkachoka. Zala za achemwali zinkabiriwira, nthawi zina milomo yomwe. Apa ndi pamene alamu ankatulutsa nthabwala yawo imodzi yokhayo imene anali nayo padziko pano. Ankati, "Mayi, mwadyanso msipu?" Ndipo tonse tinkaseka, ine ndemwe.

Lamulungu lililonse, tikabwera kutchalitchi n'kudya nyama yootcha ndi mbatata, alamu ankakhalabe ndi tayi wawo, kutsitsa buku limodzi, n'kuyamba kuwerenga mokweza, monga ankachitira eniake mabukuwo kalelo. Munthu wosalankhula uja akagwira buku mawu ankatuluka bwinobwino, olemera, osathamanga. Achemwali ankakhala pampando wawo wa pazenera akusoka buku lina, n'kumayankhira. "Aa, mwana ameneyu safika Khirisimasi." Amuna anga ali moyo ankagona tulo tsamba loyamba lisanathe. Ine ndinkapirira chifukwa cha keke ya jinja.

Matenda a achemwali anayamba ndi chifuwa chosamva mankhwala. Kenako zala zinayamba kuchita dzanzi, singano n'kumawapulumuka. Madokotala anati ndi khansa ya m'mapapo, munthu woti sanasutepo fodya chibadwire. Ife tinati ndi fumbi la ku fakitale, chifukwa amayi ambiri amene ankagwira nawo ntchito anapita njira yomweyo. Anatisiya maluwa atangoyamba kuphuka kumanda a ku Beteli, ndipo tinawaika komweko, kuseri kwa nyumba ya makapeti. Ndinalira mpaka mawu kutha. Anali mkulu wanga mmodzi yekhayo, ndipo ndi iwo okha amene ankatha kunditseka pakamwa.

Alamu sanasiye kuwerenga. Ine ndinkawapititsira chakudya Lamulungu, poti okha akanangodya buledi ndi tiyi, ndipo tikatha kudya ankatsitsa buku n'kumawerengera mpando wa pazenera uja. Ankaimanso m'malo momwe muja achemwali akanayankhira.

Ine za mizukwa sindizikhulupirira. Ndinaphikira ana a sukulu zaka zambiri, ndipo munthu amene wakolopapo m'holo ana atadya saopanso kanthu. Koma tsiku lina masana ndikutsuka mbale kukhitchini kwawo, alamu anaima kaye kuti atembenuze tsamba, ndipo m'kachetechete kameneko ndinamva ulusi ukukokedwa pa pepala. Siiii. Kaphokoso kameneka ndinakamva zaka zonse achemwali ali moyo, sindingakasokoneze ndi kena. Ndinasuzumira manja ali thovu lokhalokha. Pampando panalibe munthu, dzuwa lokha likuwala pa khushoni. Alamu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, osadabwa, n'kupitiriza kuwerenga. Sindinawafunse.

Tinakhala choncho zaka zingapo, ndipo ndinkati mwina ndi mmene munthu wachete amalirira. Koma chakudza sichiimba ng'oma.

Kamodzi pachaka ku Halifax kunkachitika msika wa mabuku akale, ndipo miyendo ya alamu itayamba kuvuta ndinkawaperekeza ndine pa basi. Kumeneko kunali wogulitsa wina, Gledhill, mimba kutsogolo, amene alamu sankamukonda chifukwa ankadula zithunzi m'mabuku n'kumazigulitsa m'mafelemu, buku lenilenilo n'kutaya. Chaka chimenecho tinamupeza atavala magolovesi abuluu, mabuku ena atawakulunga m'mapulasitiki.

"Hii, a Helliwell! Mudakali moyo? Ndimayesa munalowa m'buku lina n'kudzitsekera momwemo."

Alamu anayang'ana nsapato, ndiye ndinayankha ndine. "Magolovesi ndi a chiyani, a Gledhill? Mwayamba uzamba?"

"Simunamve? Vuto lanu mumawerenga nkhani za m'ma 1860 zokhazokha." Ananyamula buku limodzi la m'pulasitiki, lobiriwira mowala. "A ku mayunivesite apeza kuti utoto uwu, pa mabuku ena a nthawi imeneyo, ankaupanga ndi aseniki. Poizoni yemwe uja ankaphera makoswe. Malaibulale akuwachotsa m'mashelefu. Koma kwa ine ndi mwayi, anthu akulimbirana, aliyense akufuna buku lakupha loti akaonetse alendo pabalaza." Anaseka mimba ikugwedezeka, n'kuwamenya alamu paphewa. "Inu muli nawo ambiri obiriwirawa, si choncho? Musamawanyambite, achikulire, ngakhale njala ikupwetekeni bwanji!"

Sankadziwa kanthu munthu wa Mulungu, ankangocheza. Ine ndinayang'ana alamu. Makutu awo ofiira aja anali atayera ngati pepala.

Sitinagule kanthu tsiku limenelo. Pa basi, titawoloka mlatho wolowera m'chigwa chathu, alamu anati, maso ali pazenera, "Milomo yawo inkabiriwira, mlamu."

"Alamu, musayambe. Achemwali anapita ndi fumbi la ku fakitale, monga anapitira a Edna Crabtree ndi anzawo onse aja."

"A Edna ankasuta."

"Ndati musayambe!"

"Mabuku aja ndinawabweretsa m'nyumba ndine. Iwo sanapemphe. Ndipo ine ndinkaseka."

Ndinawakalipira mpaka anthu a m'basi kutembenuka. Koma nanenso ndinali kuona kathonje kaja kakubwerera palilime.

Ndinawakokera kwa dokotala, mtsikana wabwino woleza mtima. Anawafotokozera kuti n'zokayikitsa kwambiri, kuti khansa imabwera m'njira zambiri, kuti fumbi la ubweya ndi makina linapweteka anthu ochuluka. Anamaliza ndi kunena kuti pakapita zaka chonchi palibe angatsimikize. Pa mawu onse aja alamu anatolapo amodzi okha, akuti sitingadziwe. Abusa nawo anabwera, anamwa tiyi, anapemphera, n'kuwauza kuti asiye zonse m'manja mwa Mulungu. Alamu anathokoza mwaulemu n'kuwaperekeza mpaka pageti.

Lamulungu lotsatira ndinalowa ndi mbale yanga yovindikira monga mwa nthawi zonse. Ndinapeza mabuku onse obiriwira atawatsitsa, ali mulu patebulo. Alamu anali pampando wa achemwali wa pazenera, buku pamiyendo, kathonje m'manja. Ndikuona ndi maso angawa, anakakhudzitsa palilime, n'kupukuta chikuto, n'kukabwezanso palilime.

"Alamu! Mwapenga?"

"Ikani mbaleyo pansi, mlamu, ingagwe."

"Lavulani! Ndati lavulani msanga!"

Anapukuta pakamwa ndi mpango, mwaulemu, ngati munthu amene wamaliza kudya kwa eniake. Mlomo wam'munsi unali ndi kamzere kobiriwira. Ndinangokhala pa sofa ndi khoti lomwe.

"Mukufuna kudzipha? Pa ukalamba wanuwu? Munthu wa tchalitchi ngati inu?"

"Ayi. Kudzipha ndi tchimo, ndikudziwa. Ine ndikufunsa. Dokotala akuti sangadziwe, abusa akuti ndisiye. Amene akudziwa ndi mabukuwa. Ngati ndi iwo anatenga Muriel, aonetsa pa ine."

"Akaonetsa?"

"Ndiye kuti ndadziwa."

"Nanga akapanda kuonetsa?"

"Muriel anachita zimenezi zaka zambiri. Ine ndangoyamba kumene."

Mwauona msampha wake? Akadwala, ndiye kuti anapha mkazi wawo. Akapanda kudwala, ndiye kuti nthawi sinakwane, apitirize. Panalibe khomo lotulukira. Ndinalalata tsiku limenelo, anthu a nyumba yoyandikana ndi mboni. Ndinawatchula nkhalamba yopusa, ndinati achemwali akanakhalapo akanawakoka makutu awo aakuluwo. Ndinati mabuku onsewo ndiwaponya pamoto.

"Utsi wake mwina ndiye woopsa kwambiri," anatero. Kenako anafunsa ngati ndabweretsa msuzi.

Ndinayesa kuzembetsa mabuku awiri m'chikwama. Ndisanafike pageti anali atazindikira, ndipo anangoima pakhomo atatambasula dzanja mpaka ndinawabwezera. Ndinatenga thonje lonse la m'nyumba, iwo anang'amba mpango wakale. Munthu wofatsa akauma mutu, bola kulimbana ndi mwala.

Chimene chinkandiopsa kwambiri n'chakuti anayamba kuoneka bwino. Ndevu ankameta tsiku lililonse, malaya ankasita, m'nyumba ankasesa. Chimwalirire achemwali sindinawaonepo ali ndi mphamvu choncho. Ndipo Lamulungu asanayambe kuwerenga anayamba chizolowezi china. Ankanyamuka pampando wa pazenera, kukonza khushoni, kubwerera pamalo pawo, n'kulankhula motsitsa, akuyesa kuti ine kukhitchini sindikumva.

"Mayi, pepani. Sindinkadziwa. Mundikhululukire, mayi."

Kenako ankapendeketsa mutu ngati munthu amene akumvetsera yankho. Ine ndinkatsegula mpopi kwambiri kuti ndisamve ngati yankholo lingabwere.

Nyengo yozizira yonse inatha choncho. Tulo tinandithawa. Ndikafika ndinkayamba ndayang'ana zala zawo, maso awo, kayendedwe kawo. Akangotsokomola kamodzi mtima wanga unkalumpha. Ndinali nditaika kale mchemwali wanga m'manda, ndipo tsopano ndinali kuonerera mwamuna wake akudzikumbira ake ndi kathonje. Ndinkadana nawo mabuku aja ndi mtima wanga wonse. Ndikawaona akuwala patebulo ndinkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lina ndikuchokera kogula nyama ndinaona chidziwitso pachitseko cha laibulale yathu. Anthu a ku yunivesite ina anali kubwera Loweruka ndi makina oyezera mabuku akale, ndipo aliyense wokhala ndi buku lobiriwira lomukayikitsa anali wololedwa kubwera nalo. Ndinathamanga ngati mtsikana, nyama ikulendewera.

"Mukufuna kudziwa, si choncho? Tiyeni tikadziwe Loweruka, osati kudikira mpaka ndidzakupezeni muli thapsa pansi."

"Makina angadziwe chiyani, mlamu?"

"Amadziwa kuposa lilime lanulo."

"Miyendo yanga masiku ano..."

"Miyendo yanu ili bwino. Mukakana ndibwera ndi galimoto ndidzawanyamule ndekha, ndipo ndidzawaponyaponya mmene ndimaponyera mbatata."

Apa ndiye anagonja. Loweruka ndinawapeza atavala suti yawo ya maliro, mabuku atawakulunga lililonse m'thaulo lake, atawalongedza m'chikwama chachikulu cha matayala chimene achemwali ankapita nacho kumsika. Anakana kuti ndichikoke ndine.

Ku laibulale kunali mzere. Ena anabwera ndi Mabaibulo a agogo awo m'majumbo, atawagwira kutali ndi thupi ngati anyamula njoka. Woyeza anali mayi wachitsikana wodekha, dzina lake Tasneem Iqbal, ndipo makina ake ankaoneka ngati chowumitsira tsitsi. Ankawagunditsa pa chikuto, kudikira pang'ono, n'kuwerenga pa kagalasi kake. Nthawi yathu itakwana alamu anamasula mathaulo okha n'kundandalika mabuku patebulo.

"Koma ndiye osamalidwa bwino," anatero mayi uja. Kenako analoza pamene utoto unafufutika m'mbali mwa chikuto. "Apa panatani?"

"Mkazi wanga ankawatsuka ndi malovu," anatero alamu. "Zaka zambiri. Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo."

Mayi uja anakweza maso n'kuwayang'ana, kenako anayang'ana ine. Anakoka mpando kuti alamu akhale. Anayeza buku lililonse, kutsogolo, kumbuyo ndi pamsana, osathamanga, ngakhale a pamzere anayamba kung'ung'udza. Ine ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinapemphera pemphero losalongosoka, mawu ake anali akuti chonde, chonde basi.

Atamaliza anaika makina pansi n'kuvula magolovesi.

"Bambo Helliwell, aseniki mulibe. Ngakhale m'buku limodzi. Si obiriwira onse amene ali ndi poizoni uja. Awa anasakaniza utoto wabuluu ndi wachikasu. Muli mtovu pang'ono, ndiye muzisamba m'manja mukawagwira, ndipo chonde asamafike kukamwa. Koma chimene mwabwerera kudzafunsa, mulibe."

Alamu anakankhira kutsogolo buku lina lofufutika kuposa onse. "Bwerezani ili."

Anabwereza, n'kuwatembenuzira kagalasi kuti aone okha, ngakhale manambala ake sakanawamva.

"Mulibe, bambo. Ine si dokotala wa anthu, sindinganene chimene chinadwalitsa mayi. Koma poizoni amene mwakhala mukumuopayo m'mabuku mwanumu mulibe."

Ine ndinaomba m'manja m'laibulale momwemo, anthu onse kutembenuka. "Mwamva, alamu? Mwamva? Mulibe mlandu! Ambuye alemekezeke!" Misozi inali chuchuchu, ndipo mwana wa eniake uja ndinamukumbatira mpaka magalasi ake kupendekeka. Alamu anaimirira, anathokoza mwaulemu, n'kuyamba kubweza mabuku m'chikwama. Ndinaona kuti sakuwakulunganso. Mathaulo anangowapinda n'kuwaika pamwamba.

Panja kunali kamvula kowaza. Tinaima pokwerera basi, ine pakamwa pakungotuluka mawu. Ndinati tikagule keke, ndinati ndikawauza abusa, ndinati Gledhill ndikakamuona ndikamudyetsa magolovesi ake. Alamu ankangoyang'ana tsidya la msewu.

"Alamu, sekaniko. Mwamasuka lero."

"Ndiye kuti anangopita okha, mlamu?"

"Mwati bwanji?"

"Muriel. Ndiye kuti palibe anawachotsa. Anangonyamuka n'kupita."

"Ndi matenda, alamu. Matenda safunsa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Madontho a mvula anali atadzaza pa magalasi awo, koma sanawapukute.

"Miyezi yonseyi ndinali ndi chowauza," anatero. "Ndikadzuka ndinkadziwa kuti ndili ndi mlandu kwa iwo, ndipo munthu amene uli naye mlandu sapita patali, amadikira kuti mukambirane. Ndinkati njira imene anadzera ndaipeza, ili patebulo pangapa, ndikungoitsata. Tsopano mwandiuza kuti si imeneyo." Anatembenukira kwa ine. "Ndiye mawa ndikawauza chiyani?"

Chimwemwe chonse chija chinangoti zii, ndipo m'malo mwake munalowa chisoni choposa cha tsiku la maliro. Ndinafuna kuwagwira dzanja, koma manja onse anali atawaika m'matumba a khoti.

Basi inafika. Alamu anakwera pang'onopang'ono, mwendo umodzi kenako unzake, n'kukakhala pampando wa kutsogolo. Nditaponda sitepe ndinacheuka. Chikwama cha matayala chija chinali chikadali pomwe tinaima, chokhachokha, mvula ikudontha pa mathaulo.

"Alamu! Mabuku!"

Anayang'ana pazenera, n'kubweza maso kutsogolo.

"Asiyeni, mlamu. Ndi mabuku chabe."

Woyendetsa basi anali atayamba kale kung'ung'udza. Ndinatsika, ndinachikoka ndekha chikwamacho, ndinachikweza msana ukulira, ndipo ndinapita nacho kwanga. Alamu anakhalanso ndi moyo zaka zingapo, osadwala ngakhale chimfine, akudya chilichonse chimene ndawapatsa n'kumathokoza. Koma mpaka tsiku limene tinawaika pambali pa achemwali, sanandifunsepo kumene ndinawaika mabuku aja.